Thaulo la Avinesh

Lolemba, 3 Juni

Andigoneka lero m'chipatala chachikulu kuno ku Suva, wodi ya amayi, bedi lachiwiri kuchokera pazenera. Namwino wolemba mayina anafunsa dzina, ndinati Unaisi. Zaka, 58. Ntchito, ndinati ndimalemba mabuku a nkhani zopeka. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kulemba kuti "sali pantchito." Mabuku asanu ndi awiri! Ndikanakhala bwino tikanakangana mpaka dzuwa kulowa, koma mutu unali kugunda ngati muli munthu akukhoma misomali.

Loweruka ndinagwa kukhitchini. Mlongo wanga Jolame ndiye anandipeza, akuti ndinali kuphiriphitha pansi, thovu kukamwa. Ine sindikukumbuka kanthu. Ndayamba kulemba izi kuti masiku asandisokonekere, komanso chifukwa dzanja langa silidziwa kukhala chabe.

Lachiwiri, 4 Juni

Andijambula m'mutu. Dokotala Naidu wabwera ndi chithunzi masana. Muli chotupa chachikulu ngati ndimu, kumbuyo kwa mutu, chakumanzere. Akuti sichikuoneka ngati khansa, koma chikupanikiza ubongo, chiyenera kuchoka. Madokotala a opaleshoni ya mutu afika kuchokera kunja, ku Auckland, sabata yamawa, ine andiika Lachinayi. Pakali pano ndizimwa mapiritsi ochepetsa kutupa katatu pa tsiku, oletsa kugwa m'mawa ndi madzulo. Kuthamanga kwa magazi 158/94.

Ndinafunsa kuti kumbuyoko kumagwira ntchito yanji. Anati ndi kumene munthu amaonera.

"Amaonera zimene zili pamaso pake, kapena zimene amaona atatsinzina?"

Anakanda m'mutu. "Zonse zimadutsa moyandikana, mayi. Alipo ena, ochepa kwambiri, amene akadzuka amaona bwinobwino ndi maso, koma akatsinzina saonanso zithunzi. Koma limenelo si vuto loti n'kusowa nalo tulo. Munthu amakhala moyo wake monga kale."

Ndi mwana wabwino, koma sakudziwa amene akulankhula naye.

Ine ndimalemba chonchi. M'mawa ndimakhala pampando moyang'ana khoma, n'kutsinzina. Mumdimamo mumakhala khomo. Ndimadikira. Masiku ena sipabwera munthu. Masiku ena ndimaona mapazi pakhomopo, nthawi zonse amayamba ndi mapazi, kenako miyendo, chovala, nkhope pomaliza. Akalowa ndimangomutsatira n'kumalemba zimene akuchita. Sindimulamula. Ndinayesapo kulamula, anthu ake amauma gwa ngati zidole zoonetsera zovala m'sitolo. Tsono akandichotsera khomo limenelo, chotsala n'chiyani? Mayi wonenepa wosakhala pantchito, monga analembera namwino uja. Ndikuopa, ndipo ndalemba pano kuti ndisadzakane mawa.

Lachitatu, 5 Juni

Pabedi la pazenera pali Mayi Dulari a ku Nausori, ogulitsa mabiringanya ndi tsabola mumsika. Zaka apitirira 70. Anawang'amba pamimba mwezi watha, madokotala anangosuzumira n'kusokanso. Eni ake akudziwa tanthauzo lake. Tsiku lonse maso ali kudoko, kumene kwaima sitima zopha nsomba, zadzimbiri zija.

Andiyamba okha.

"Achemwali, akuti inu mumalemba mabodza n'kumagulitsa?"

"Eya. Inu mumagulitsa tsabola n'kumati sawawa. Ntchito ndi imodzi."

Aseka mpaka kugwira pabala, namwino wamkulu, Sisita Kelera, n'kutikalipira tonse awiri. Kuyambira pamenepo dzina langa ndi Amabodza.

Jolame wabweretsa chinangwa ndi nsomba yophika ndi kokonati. Mapiritsiwa akundipatsa njala yoopsa. Ndatha zanga zonse, ndathanso roti ya Mayi Dulari, buledi wawo wopyapyala, imene iwo anangoinunkhiza n'kundikankhira.

Lachinayi, 6 Juni

Atenga magazi m'mabotolo anayi. Mtima ajambula, akuti uli bwino.

Masana kunali mkangano pabedi la pazenera. Premila, mwana wamkazi wa Mayi Dulari, amalankhula motsitsa, koma makutu anga anaphunzira kale kuba.

"Amma, wansembe akuti chaka chino zikukwana zaka khumi ndi ziwiri. Mwambo wa maliro ukutheka ngakhale palibe mtembo. Timumasule munthuyo apite."

"Ukachitire maliro amuna ako aulesi aja. Amenewo ndiwo anafa kalekale, angoiwala kugwa."

"Amma!"

"Wanga sanafe. Tenga mbale zako."

Premila atapita, Mayi Dulari anandifotokozera. Avinesh, mwana wawo womaliza, anakwera sitima ya alendo yopha nsomba ali ndi zaka 23. Anaimba foni kawiri, kenako zii. Kampani inati anatsika padoko lina n'kusabwerera. Mnzake amene anali naye m'sitimamo anafika kunyumba, anamwa tiyi, analira, n'kuchoka osanena kanthu.

"Amabodza," anatero, "inu mumaona anthu amene kulibe. Wangayu alipo, ndiye kumuona si nkhani. Tatsinzinani mundiuze ali kuti."

Ndinati ine sindine wolosera.

"Ndikanafuna wolosera ndikanapita kwa wolosera, ndinawayenda onse. Ndikufuna bodza labwino, la munthu wodziwa ntchito yake."

Ndinakana. Ndinawauza kuti ine sindiseweretsa mwana wa munthu. Koma mtima wakhala ukundikoka tsiku lonse, poti palibe amene anapemphapo ntchito yanga ndi njala yotere.

Lachisanu, 7 Juni

Ndagonja. Titamwa tiyi ndinatembenukira kukhoma n'kutsinzina. Avinesh sanachedwe. Mapazi aakulu, ong'ambika zidendene, mu masilipasi, lamba wina womangidwa ndi chingwe cha mbedza. Ndinamutsatira. Ali kudziko lozizira, padoko laling'ono lonunkha mafuta a injini. Akutsuka mapoto kuseri kwa malo odyera, nthunzi ikutuluka m'kamwa akamapuma. Ndimanena mokweza zonse zimene ndikuona.

"Chala chachikulu chakumanzere chilibe chikhadabo," anandidula Mayi Dulari. "Anagwetserapo bokosi la mabiringanya ali mwana. Mwaona chimenecho?"

Ndinayang'ananso pansi. Inde, chikhadabo panalibe, panali kakhungu kakuda kokwinyika. Ndi mmene ntchitoyi imakhalira. Munthu akakupatsa kanthu kamodzi koona, nkhani yonse imaimirira n'kuyamba kuyenda yokha.

Lero adya masupuni atatu a mpunga. Sisita Kelera akuti ndipitirize, mankhwala anga aposa awo.

Loweruka, 8 Juni

Wodi yonse yayamba kumvera. Mayi wa bedi lapakhomo wapempha kuti ndizikweza mawu.

Lero ndaona mkazi akumubweretsera Avinesh jekete kuntchito. Wamfupi, wa masaya ofiira, woyenda mofulumira.

"Mkazi wa kuti ameneyo?" anatero Mayi Dulari. "Amadziwa kuphika? Mwana wanga sadya dzungu, mumuuze."

"Akudziwa kale. Anakangana nazo chaka choyamba."

"Chabwino. Koma ngati ali ndi mkazi ndi jekete, bwanji sakuimba foni?"

Funso limenelo ndimaliopa kuyambira dzulo. Ndinatsinzina nthawi yaitali. Ndinamuona ataima pafupi ndi foni, akuigwira, akuisiya. Ndinati: "Ndi manyazi. Chaka choyamba analibe choti anene. Chaka chachiwiri anachita manyazi ndi choyamba chija. Zinangopitirira choncho."

Anagwedeza mutu. Kenako: "Atate ake enieni. Mutu wouma ngati kokonati." Anapukuta m'maso ndi m'mphepete mwa bulangeti.

Lamulungu, 9 Juni

Kwabwera kwaya ya tchalitchi, yaimba bwino koma mutu wanga sunayamike. Kudzanja lamanja sindikuona bwino, ndagunda chitsulo chopachikapo dilipi kawiri. Awonjezera mapiritsi a kutupa, tsopano kanayi pa tsiku.

Avinesh ali ndi kamwana kakakazi, kopanda mano akutsogolo. Ndinati dzina lake sindikulimva bwino. Mayi Dulari anati, "Ndi Dulari, mukufunsa chiyani? Manyazi ali nawo, koma mtima ali nawonso."

Lolemba, 10 Juni

Mayi Dulari lero sali bwino. Awayambitsa jakisoni wa mofini wopha ululu. Maso achita chikasu.

"Amabodza, ndatopa nalo dziko lozizira lija. Mubweretseni tsopano."

Ndamukweza sitima. Walongedza chikwama, wagulira amake shawelo yofiira. Mpaka pamenepo zayenda bwino, ndimaona chilichonse, ngakhale zipi wa chikwama amene amakana kutseka. Ndawauza kuti ulendo ndi wautali, apirire.

Lachiwiri, 11 Juni

Zandivuta.

Ndinafuna kumuona akutsika padoko lathu lino. Ndinatsinzina, khomo linalipo, mapazi anafika. Koma analibe masilipasi. Anali oyera, okwinyika, ngati a munthu amene wakhalitsa m'madzi. Ndinatsegula maso, ndinamwa madzi, n'kuyesanso. Ulendo uno ndinaona kumbuyo kwa sitima, mafunde, chingwe chikuthamanga, chikumukola mwendo. Mnyamata wa zaka 23, wopanda mkazi, wopanda jekete. Sitima sinatembenuke. Ndinayesa kachitatu, chimodzimodzi.

Ndawauza Mayi Dulari kuti mutu wandigwira, lero kulibe nkhani. Anandiyang'anitsitsa kunkhope.

Jolame atabwera ndinamukokera pakhonde n'kumuuza.

"Iwe Una, unasiyapo munthu wamoyo m'buku lako? Ngakhale galu uja unamupha."

"Sindinamuphe, anafa yekha."

"Ndiye ungonama basi. Uti watsika, wawapsompsona amake, nkhani yatha. Si ntchito yako kunama?"

Jolame ndi makaniko, zaka zonsezi sanamvetse. Kupeka ndi kunama si chinthu chimodzi. Popeka ndimanena zimene ndikuona, ngakhale kuti sizinachitikepo. Ponama ndimanena zimene sindikuona. Masiku onsewa ndakhala ndikupeka, ndipo mayi aja amadya. Tsopano maso anga a m'kati andionetsa china, ndipo sindingachinene kwa munthu amene watsala ndi masiku owerengeka. Sindikudziwa chimene chinachitika panyanja paja, ndine yani ine. Ndikungodziwa chimene khomo langa likulola kulowa.

Lachitatu, 12 Juni

Dokotala Whitlock wa ku Auckland wafika, wamtali, manja ozizira. Wafotokoza zoopsa zonse, kutaya magazi, kufa ziwalo, khungu. Za zithunzi za m'mutu sanatchule, ndinachita kumukumbutsa. Ndasaina. Andimeta kumbuyo. Kuyambira madzulo ano osadya kanthu.

"Afika lero?" anafunsa Mayi Dulari.

"Sitima ili panjira. Ndikatuluka ku opaleshoni ndidzamutsitsa bwinobwino, mutu uli wopepuka."

"Inu muli ndi 'ndikatuluka.' Ine ndilibe, achemwali."

"Ndalonjeza."

"Malonjezo a Amabodza," anatero, koma anandigwira dzanja. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndikudziwa. Ndikungoganiza kuti mwina ndi chotupachi chikundionetsa madzi. Chikachoka, kapena adzatsika wouma.

Dzuwa lisanalowe ndinatembenukira kukhoma n'kuitana anthu anga onse a m'mabuku asanu ndi awiri. Analowa mmodzimmodzi, ngakhale galu uja. Pomaliza ndinaitana malemu amayi anga. Anabwera ndi diresi lawo la maluwa obiriwira, ufa uli m'manja. Ndinawayang'anitsitsa monga munthu amayang'anira nyumba imene akusamukamo.

Lamulungu, 16 Juni

Ndili moyo. Bandeji mutu wonse. Ndasanza kawiri.

Lolemba, 17 Juni

Andibweza kuwodi. Sisita Kelera anandisungira bedi langa lomwe lija. Dokotala Naidu akumwetulira: chotupa chachoka chonse, si khansa, maso akuona mbali zonse. Aliyense akuti Mulungu ndi wabwino. Jolame walira ngati mwana, wabweretsa mapapaya ndi thaulo langa lobiriwira la kunyumba.

Atapita onse ndinatembenukira kukhoma.

Kulibe khomo. Kuli mdima basi, mdima wamba, wa kuseri kwa zikope. Ndinayesa chinthu chaching'ono, papaya amene ndangomudya kumene. Ndikudziwa kuti ndi wachikasu, ali ndi njere zakuda, koma ndikudziwa monga munthu amadziwira nambala ya foni. Sakuoneka. Ndinayesa nkhope ya Jolame. Ndinayesa amayi. Diresi la maluwa obiriwira, ufa m'manja, mawu ake ndi amenewo, koma palibe amene akubwera kudzawavala.

Ndalira osatulutsa mawu, poti kulira kukukoka ulusi wa pabala.

Lachiwiri, 18 Juni

Mayi Dulari atha kwambiri masiku amene ndinachokapo. Mawu akutuluka ngati akuchokera m'chipinda china. Premila akuti masiku onsewa amangofunsa kuti Amabodza abwera liti.

"Mutu wapepuka?" anafunsa. "Mutsitseni."

Ndinawauza zoona, kuti achotsa chotupa pamodzi ndi khomo langa, sindikuonanso kanthu.

Anatembenukira kuzenera. Kenako anati, "Ndiye mwana wanga mwamusiya pakati pa nyanja."

Palibe wowerenga kapena wonyoza mabuku anga amene anandilasapo chonchi. Sindinadye.

Lachitatu, 19 Juni

Dokotala Naidu akuti mwina zibwerera kutupa kukatha, mwina ayi, palibe angalonjeze. Mapiritsi a kutupa ayamba kuchepetsa, kawiri pa tsiku. Ndayenda mpaka kubafa ndekha.

Ndatsatira nzeru za Jolame. Ndinatsinzina mwachiphamaso n'kuyamba: sitima yafika, dzuwa likuwala, watsika atanyamula chikwama, akumwetulira. Mawu ndikadali nawo ambiri, amenewo sanawadule.

Sindinafike patali. "Siyani," anatero Mayi Dulari. "Zaka makumi anayi ndili mumsika, tsabola wowola ndimamudziwa ali m'thumba. Simukumuona."

Ndachita manyazi kwambiri. Jolame akabwera mawa aona.

Lachinayi, 20 Juni

Ndilemba zonse, ngakhale dzanja litope.

M'mawa, Mayi Dulari atangowabaya jakisoni, nthawi imene amakhala ndi kamphamvu pang'ono, ndinakokera mpando pafupi ndi bedi lawo.

"Mayi Dulari, maso anga afa, koma anu alipo. Ndikuphunzitsani mmene ndimachitira. Si ufiti ayi."

"Ine sindinapite kusukulu."

"Kusukulu saphunzitsa zimenezi. Siyani kuyang'ana kudoko. Tembenukirani kukhoma, tsinzinani."

Ndinawathandiza kutembenuka. Sakulemera kuposa mtolo wa zovala.

"Mumdimamo muli khomo. Ndi khomo liti?"

"La kukhitchini kwanga. Labuluu. Chogwirira chinathyoka, timakokera ndi chingwe."

"Ndi lotseguka?"

"Pang'ono."

"Dikirani. Musamuitane, musamukoke. Muziyang'ana pansi, amayamba ndi mapazi."

Tinadikira. Ngolo ya mankhwala inadutsa, wina anakhosomola, mvula inayamba padenga. Ndinaganiza kuti agona. Kenako zala zawo zinandifinya.

"Wafika."

Mtima wanga unagunda mpaka pabala. Ndinachita chinthu chokhacho chimene chanditsalira, kufunsa.

"Wavala nsapato zanji?"

"Alibe nsapato. Chala chija ndi chimenecho, chopanda chikhadabo."

"Kwezani maso pang'onopang'ono. Wavala chiyani?"

"Malaya achikasu aja. Amene ananyamuka nawo. Batani lachiwiri ndinasoka ndine, ndi ulusi wakuda poti wachikasu unatha."

"Wanenepa? Wamera imvi?"

"Ayi." Anapuma kawiri. "Ali monga anachokera. Mwana."

Iwo ndiwo anapitiriza.

"Wanyowa, achemwali. Wanyowa yense. Madzi akudontha pa simenti yanga. Akunjenjemera, tamuonani. Thaulo! Patseni thaulo, mukungoyang'ana chiyani?"

Ndinatenga langa lobiriwira lija pa chitsulo cha bedi n'kuwapatsa. Analigwira ndi manja awiri, maso ali chitsinzinire, n'kuyamba kupukuta m'mwamba, pamene pangakhale mutu wa munthu wogwada pafupi ndi bedi. Anapukuta tsitsi, kuseri kwa makutu, khosi, uku akukalipa.

"Iwe unali kuti? Taona makutuwa, mchenga wokhawokha. Ndinakuuza ine kuti uzigulitsa tsabola ndi amako, unati kumsika kumanunkha. Nanga uku kunali kununkhira? Khala bwino, usagwedezeke. Chitsiru cha mwana. Chitsiru changa."

Sisita Kelera anafika ndi choyezera kutentha, anaima, n'kubwerera chakumbuyo.

Atatopa anaika thaulo pachifuwa n'kutsegula maso. Ndinafunsa za mkazi uja ndi kamwana kopanda mano, sindikudziwa chifukwa chake, mwina ndi nsanje ya mmisiri.

"Amenewo anali anu, Amabodza. Anali abwino, anandidyetsa mpunga. Koma uyu ndi wanga." Anandiyang'ana cham'mbali. "Inunso munamuona chonchi, eti? Lachiwiri lija munati mutu."

"Eya."

"Ndinadziwa. Inu pakamwa pokha ndi pamene pamadziwa kunama, nkhope ayi." Anatseka maso. "Ine ndinadziwa tsiku limene mnzake uja anamwa tiyi n'kulira. Kungoti sindinkafuna kumuona ali kumeneko yekha. Kukhitchini kwanga ndiye bola."

Lachisanu, 21 Juni

Premila atafika, amake sanadikire kuti akhale pansi.

"Ukamuuze wansembe uja. Mukamadzawotcha mtembo wanga mwa mwambo wathu, achitenso za mlongo wako tsiku lomwelo. Tinyamukire limodzi, angasocherenso."

Premila anagwetsa mbale ya roti. Anayang'ana amake, anayang'ana ine. "Mwawatani amayi anga?"

"Usawakalipire Amabodza," anatero Mayi Dulari. "Iwowa ndi akhungu. Ndamubweretsa ndekha."

Premila anagwada n'kuika mutu pabedi. Amake anamupukuta misozi ndi thaulo lomwelo, koma ndi ngodya imodzi yokha.

Ine kuthamanga kwa magazi 136/82. Bala lauma bwino. Kukhoma kukadali mdima.

Loweruka, 22 Juni

Mayi Dulari agona tsiku lonse. Salandiranso madzi, Premila akungowanyowetsa milomo ndi thonje. Thaulo ali nalo m'manja. Wochapa anafuna kulitenga, Sisita Kelera anamuletsa.

Lamulungu, 23 Juni

Mayi Dulari apita m'mawa, tiyi akugawidwa. Anakoka makatani, ndinangomva Premila akuitana Amma kawiri, kenako anasiya.

Sindingathe kuona nkhope yawo. Dzulo lomweli inali apa, patali ngati kutambasula mkono. Ndikatsinzina palibe. Ichi ndiye chikundipweteka koposa zonse.

Lolemba, 24 Juni

Achotsa ulusi, khumi ndi zisanu ndi zitatu. Sizinapweteke.

Pabedi la pazenera abweretsa mtsikana wothyoka mwendo. Ndinayang'ana phazi lake lotuluka mu pulasitala, zikhadabo zopakidwa utoto wofiira wothothoka. Kale phazi limenelo likanandipatsa nyumba yake, chibwenzi chake ndi chinsinsi cha amake ndisanamalize tiyi. Lero ndi phazi basi. Ndinamufunsa amene anamupaka utotowo. Anati mng'ono wake, n'kuyamba kulira, n'kufotokoza mpaka chakudya chamasana. Ine ndimangofunsa. Sindikudziwa ngati buku lingalembedwe chonchi. Buku langa lachisanu ndi chitatu lili patebulo kunyumba, mayi wina ndinamusiya ataima pakati pa msewu atanyamula ambulera, ndipo sindikudziwa ngati adzawoloka.

Lachitatu, 26 Juni

Anditulutsa. Mapiritsi oletsa kugwa ndizimwa miyezi isanu ndi umodzi, osayendetsa galimoto, osasambira ndekha. Ndibwerenso pakatha milungu itatu. Dokotala Naidu akuti ndine mwayi wake wa chaka chino. Ndamuthokoza, poti ntchito yake waigwira.

Ndikulongedza, Premila analowa atavala zoyera. Mwambo unachitika dzulo, wa anthu awiri. Akuti phulusa akalitaya kumene mtsinje umalowa m'nyanja. Anandipatsa thaulo langa, lopindidwa bwino.

"Amma anati ndikubwezereni, koma ndisalichape." Anaima pang'ono. "Anti, mlongo wanga amaoneka bwanji?"

"Ine sindinamuone, mwanangu. Anamuona ndi amako. Anati anali monga anachokera."

Anagwedeza mutu n'kupita.

Unaisi wa mwezi watha akanatsinzina, akanaona madontho, n'kulemba kuti thaulolo linali lonyowa, lonunkha mchere. Ine ndalifunyulula, ndaligwira mbali zonse, ndaliika patsaya. Ndi louma. Likununkha sopo wa chipatala.

Jolame wanyamula kale chikwama, akuti galimoto waiimika polakwika, ndifulumire. Anafuna kuliponya m'chikwamamo pamodzi ndi zovala. Ndamulanda. Ndapempha jumbo kwa Sisita Kelera n'kuliika palokha, lingandinyowetsere zinthu.